Kulemba uthenga kapena kuimba? Mafunso ndi mayankho pa ulemu wa pa foni polumikizana koyamba ndi mayi woyendayenda

Awa ndi mafunso amene anthu amafunsa chamseri, aja oti munthu sangafunse mnzake maso ndi maso. Nkhani yake ndi ya mphindi yoyamba ija, pamene munthu wamkulu wagwira foni kufuna kulankhula ndi wamkulu mnzake amene amapeza ndalama kudzera m'kugonana. Sitikukopa aliyense kuti ayambe, komanso sitinabwere kudzaweruza. Zimenezi zimachitika m'dziko lililonse, ndipo zikamachitika, mmodzi mwa awiriwo amasenza chiopsezo chachikulu kuposa mnzake. Talemba kuti “mayi” chifukwa ambiri pa ntchitoyi ndi amayi, koma aliponso abambo ndi ena, ndipo zonsezi zikuwakhudza chimodzimodzi.

Ndiyambe ndi kulemba uthenga kapena ndiimbe?

Chitani zimene mwini nambala wanena. Ambiri amene amalengeza ntchito yawo pa intaneti amalemberatu: “uthenga wokha, osaimba,” kapena “imbani, mauthenga sindiyankha.” Ena amafuna imelo, ena ali ndi fomu pa tsamba lawo. Mawu amenewo sanaikidwe kuti akongoletse tsamba. Ndi mayeso oyamba, ndipo anthu ambiri amagwa pomwepo. Amene wauzidwa kuti asaimbe koma n'kuimba, wadziulula asanatsegule n'komwe pakamwa kuti iyeyu akaletsedwa samva. Ndiye mayiyo amadzifunsa kuti, ngati kalamulo kakang'ono ka pa foni wakalumpha, nanga chitseko chikatsekedwa atatsala awiriwiri, ndikadzati “basi” adzamva?

Ngati sananene chilichonse, lembani uthenga. Uthenga umadikira mwini wake mpaka apeze mpata.

N'chifukwa chiyani ambiri amakonda uthenga kuposa kuimbiridwa?

Inu simukudziwa kumene ali. Mwina ali ndi kasitomala wina, mwina ali pa mzere kuchipatala, mwina ali m'basi, mwinanso akuthandiza mwana wake ntchito ya kusukulu. Ambiri abale awo sadziwa kumene ndalama zimachokera, ndipo foni ikalira pakati pa achibale sangayambe kukambirana za ola ndi malo. Uthenga amauwerenga atatembenuza foni, n'kuuyankha mwakachetechete palibe wodziwa.

Kenako pali nkhani ya umboni. Zimene mwagwirizana, kaya ndi tsiku, ola, kutalika kwa nthawi kapena malipiro, zikalembedwa zimakhala pomwepo. Mikangano yambiri imayamba ndi mawu oti “ine sindinanene choncho,” ndipo mkangano wa ndalama m'chipinda chotseka ndi umene kawirikawiri umabala zibakera.

Koma chifukwa chachikulu n'chakuti uthenga umamupatsa nthawi yokufufuzani. Nambala yanu ikangofika, amatha kuikopera n'kufunsa anzake ngati akuidziwa. Mchitidwe umenewu si wa lero. Mu 1986 gulu la amayi oyendayenda la Prostitutes' Collective of Victoria ku Australia linayamba kulemba ndi kugawana mndandanda wa makasitomala ankhanza, ndipo mndandandawo anautcha “ugly mugs.” Ku United Kingdom ntchito yomweyi inakula mu 2012 n'kukhala National Ugly Mugs, kumene membala amatha kulowetsa nambala ya foni n'kuona ngati inadandaulidwapo. Kumene kulibe mabungwe otere, amayi amachenjezana m'magulu awo a WhatsApp kapena pakamwa. Zonsezi zimafuna mphindi zingapo, zimene munthu sangazipeze foni ili kukhutu, wina akuti “ndili panjira, ndifikire pati?”

Palinso gulu la anthu amene mayi aliyense pa ntchitoyi amalidziwa: otaya nthawi. Awa amaimba opanda cholinga chobwera. Amangofuna kumva mawu a mkazi, kumufunsa mafunso olaula, n'kudzisangalatsa ulele. Amayi ambiri anasiya kuyankha mafoni a nambala zachilendo chifukwa cha anthu amenewa, ndiye musadabwe kuti inu, amene mulibe maganizo oipa, mukulipira mlandu wa ena.

Nanga amene amafuna kuimbiridwa, akufuna kumva chiyani?

Mawu amaulula zimene zala zimabisa. Munthu woledzera angathe kulemba uthenga wooneka bwino, koma lilime limamupereka. Pa foni mayi amamva ngati muli ndi mkwiyo, ngati mukumudula mawu, ngati kumbuyo kwanu kuli gulu la amuna akuseka, ndiponso ngati mawuwo ndi a mnyamata wosakwana zaka 18 amene wabwereka foni ya bambo ake. Pa chifukwa chimenechi ambiri amaphatikiza njira ziwirizi: uthenga kaye, kenako, nthawi ikayandikira, amakuuzani kuti “imbani tsopano,” n'kulankhula nanu mphindi imodzi kapena ziwiri.

Ena amakonda kuimbiridwa chifukwa kuwerenga kumawavuta, kapena ndi obwera ndipo chinenero cha m'dzikolo amachimva koma sachilemba. Enanso ali m'mayiko amene zolemba zingasanduke umboni kukhoti.

Mukaimba, perekani moni, tchulani dzina lanu, nenani kumene mwapeza nambala, kenako funsani kuti, “Kodi mungathe kulankhula panopa?” Akati ayi, pepesani n'kudula. Imbani muli nokha, pamalo opanda phokoso, ndipo musaike foni pa sipika. Mayi amazindikira msanga foni ikakhala pa sipika chifukwa mawu ake amabwerera, ndipo akazindikira amangodula. Musatalikitsenso nkhani ngati mukucheza ndi bwenzi la kalekale.

Uthenga woyamba ukhale ndi chiyani?

Ukhale woti mayiyo akauwerenga athe kuyankha kuti inde kapena ayi popanda kukufunsani mafunso asanu. Mwachitsanzo:

“Mwaswera bwanji? Ndine Uje. Nambala yanu ndaipeza pa tsamba lanu ndipo ndawerenga zonse mwalembapo. Ndimafuna kudziwa ngati muli ndi mpata Lachinayi cha m'ma 7 madzulo, kwa ola limodzi, kumalo kwanu. Ngati pali zimene mukufuna kudziwa za ine tisanagwirizane, ndiuzeni.”

Muli moni, dzina, kumene nambala yachokera, tsiku, ola, kutalika kwa nthawi, komanso ngati inu mupita kwa iye kapena iye abwera kwa inu. SMS imodzi imanyamula zilembo 160 zokha, ndiye uthenga ngati umenewu ndi ma SMS awiri basi. Palibe amene anasauka chifukwa cha ma SMS awiri.

Kunena kumene mwapeza nambala n'kofunika kuposa mmene ambiri amaganizira. Ngati wakupatsani ndi mnzanu, nenani. Mayi ali ndi ufulu wodziwa kuti nambala yake ikuyenda m'manja mwa ndani, ndipo mnzanu wabwino amayamba wapempha kaye kwa mwini wake asanakupatseni.

Ndinangolemba kuti “Bo?” koma sanayankhe. Ndalakwa chiyani?

Mwalemba zimene alemba ena makumi angapo tsiku lomwelo. “Bo?”, “Ulipo?”, “Uli kuti?”, “Zingati?”, kapena kachithunzi ka diso lotsinzinira: mauthenga otere samuuza kanthu mayiyo, ndipo kawirikawiri amachokera kwa otaya nthawi aja. Kuti adziwe chimene mukufuna ayenera kukusolani mawu limodzi limodzi ngati akuzula minga. Ambiri amangowadumpha.

“Uli kuti?” ndiye woipitsitsa. Mlendo amene funso lake loyamba ndi lofuna kudziwa kumene mkazi ali amaopsa, ngakhale atakhala kuti sakudziwa kuti akuopsa. Adiresi yeniyeni imabwera pomalizira, nthawi zambiri mutafika kale m'deralo n'kuimba kapena kulemba kuti mwafika.

Kodi ndingamuflashe kuti andiimbire?

Ayi. Wamva m'mimba ndiye atsekula chitseko. Wofuna ndi inu, ndiye mayunitsi akhale anu. Chimodzimodzi ndi timauthenga taulere topempha kuti munthu akuimbireni. Munthu amene akukanika kulipira mphindi imodzi ya foni, mayi amakayika ngati adzalipire ola lathunthu.

Ndikuopa kudziwika. Kodi n'kulakwa kubisa nambala poimba?

Mantha anu ndi omveka, koma nambala yobisa pafupifupi palibe amene amaiyankha, ndipo akulondola. Taganizani zimene mbali iliyonse ingataye. Inu mukuopa manyazi, banja kusokonekera, mwina ntchito. Zimenezo n'zazikulu. Iye akuopa kumenyedwa, kuberedwa, kugwiriridwa kapena kuphedwa, ndipo nambala yanu mwina ndi chinthu chokhacho chimene angasiyire mnzake asanatseke chitseko.

Izi si nthano zoopsezera ana. Mu 2003 Gary Ridgway anavomera m'khoti ku Seattle, m'dziko la United States, kuti anapha amayi 48, ambiri mwa iwo oyendayenda, ndipo ananena kuti ankawasankha chifukwa ankadziwa kuti sasakidwa msanga akasowa. Chaka chomwecho anthu anayamba kukumbukira 17 December ngati tsiku lothana ndi nkhanza zochitira anthu ogwira ntchitoyi. Mayi akamaumirira kuti nambala yanu ioneke, mbiri imene ili kumbuyo kwake ndi imeneyi.

Ngati simukufuna kugwiritsa ntchito nambala imene akunyumba amaidziwa, khalani ndi nambala yachiwiri yokhazikika, yoti ikaimbidwa mumayankha. Dziwani kuti amayi ena sayankha nambala zongopanga pa intaneti chifukwa munthu amazitaya lero n'kupanga zina mawa. Akakana, ndi ufulu wake.

Akundifunsa dzina lenileni, ntchito yanga, mwinanso ndalama yachikole. Ndivomere?

Zimatengera dziko ndi mmene mayiyo amagwirira ntchito. Amene amalandira anthu kunyumba kwawo, kapena amene amapita kuhotela kwa kasitomala, kawirikawiri amafunsa zambiri: dzina, nambala ya chipinda, kapena dzina la mayi wina amene munakumana naye kale woti akuchitireni umboni. Muli ndi ufulu wokana. Koma kukana kwake n'kunena kuti “zikomo, pamenepo sindingathe,” n'kusiya. Kuyamba kukangana kuti “ine ndine munthu wabwino, bwanji simukundikhulupirira” sikuthandiza, chifukwa ankhanza onse amayamba ndi mawu omwewo. Kunama dzina ndiye koipa kwambiri. Akazindikira, nambala yanu ifika kwa anzake.

Chikole chimapemphedwa chifukwa cha anthu ogwirizana nthawi koma osabwera, mayi atalipira kale chipinda kapena atakana makasitomala ena. Vuto n'lakuti akuba nawonso anaphunzira njirayi. Amaba zithunzi za anthu, n'kutsegula tsamba, n'kumatolera zikole. Chenjerani ndi amene akukufulumizitsani, amene akufuna ndalama yonse musanaonane, kapena amene mukangotumiza akutulutsa chifukwa china chofunira ina. Palinso chinyengo chofala chakuti mukalembera nambala ya pa tsamba labodza, mumalandira uthenga woopseza, nthawi zina ndi zithunzi za mitembo, wonena kuti mwatayitsa nthawi “mtsikana wathu” ndipo mulipire. Musatumize kalikonse, tsekani nambalayo. Amene walipira kamodzi amamubwererabe.

Bwanji sakufuna kukambirana mwatsatanetsatane zimene tidzachite?

Pali zifukwa ziwiri. Choyamba ndi otaya nthawi aja, amene amafuna nkhani zolaula zaulere. Chachiwiri ndi malamulo. M'mayiko ambiri uthenga wotchula mchitidwe wogonana pamodzi ndi mtengo wake ungakhale umboni wa mlandu, ndipo apolisi ena amadzisandutsa makasitomala n'kumakakamiza mayi kuti atchule zimenezo. Ku United States zinthu zinathina kwambiri mu April 2018, pamene boma linatseka tsamba la Backpage, limene ambiri ankalengezapo ntchitoyi, n'kukhazikitsa lamulo lotchedwa FOSTA-SESTA, lolola kuimba mlandu masamba a pa intaneti othandizira malonda ogonana. Makampani a pa intaneti anayamba kutseka maakaunti a aliyense wokayikitsa, ndipo popeza makampaniwo amagwira ntchito dziko lonse, ngakhale amayi a kumayiko ena anaphunzira kusamala mawu. Ndiye mukaumirira kuti atchule zonse m'uthenga, mumaoneka ngati wapolisi kapena wongoseweretsa, ndipo onse awiri amatsekeredwa.

Ngati pali chinthu chapadera chimene mukufuna kudziwiratu, funsani kamodzi, ndi mawu aulemu, mutamaliza kudzidziwitsa. Ngati muli ndi ulumali kapena vuto la m'thupi lofuna kukonzekera, monga njinga ya olumala pamene nyumba ili ndi masitepe, nenani msanga. Zimenezo amayi ambiri amayamikira kuuzidwa.

Nanga kutumiza chithunzi?

Cha nkhope, ngati wapempha. Cha maliseche, ayi, ndipo musaganize kuti chifukwa cha ntchito yake ndiye kuti wavomereza kuona chilichonse nthawi iliyonse. Foni yake amaitsegula pa basi, pamaso pa ana ake. Ku England ndi Wales, kuyambira mu January 2024, kutumizira munthu chithunzi cha maliseche pofuna kumuzunza kapena kudzisangalatsa iye asakufuna ndi mlandu.

Kupemphanso kuti akutumizireni zithunzi zina “kuti nditsimikize” kumatopetsa. Zimene akufuna kuti muone anaziika kale poyera. Ambiri amabisa nkhope mwadala, ndipo chithunzi chikachoka m'foni mwake sadziwa kumene chikathere. Kumuimbira pa vidiyo mosapangana kuli m'gulu lomweli: n'chimodzimodzi kukankha chitseko cha munthu osaodira.

Kodi ndinganenerere mtengo?

Ngati mtengo walembedwa, ndi umenewo. Ngati simungakwanitse, funsani ngati ali ndi nthawi yofupikirapo, kapena musiyeni. Kuyamba ndi “ndili ndi zakuti zokha” kapena “ndichotsereni, ndidzakhala kasitomala wanu wa masiku onse” ndi nyimbo imene anaimva kambirimbiri, ndipo olonjeza kubwera masiku onse sabweranso. Kumuuza kuti wina amatchipa n'kumunyoza.

Ngati mtengo sunalembedwe, funsani momveka, muvomerezane musananyamuke, ndipo mukafika perekani ndalama poyamba osadikira kukumbutsidwa. Choipa kwambiri ndi kuvomera pa foni kenako n'kukayamba kunenerera mutafika, mayi alibe kothawira. Kumeneko si kunenerera, n'kuopseza.

Ndingafunse za kugonana popanda kondomu, ngati ndiwonjezera ndalama?

Musafunse. Kwa amayi ambiri funso limeneli lokha ndi lokwanira kutseka nambala yanu, chifukwa amadziwa kuti amene wafunsa pa foni akakanizidwa amakayesanso m'chipinda. Mawu oti “ndinayezetsa, ndili bwinobwino” kapena “ndimamwa PrEP” sasintha kanthu. PrEP, mankhwala amene munthu wopanda HIV amamwa podziteteza, imateteza ku HIV ikamamwedwa moyenera, koma siteteza ku chinzonono, chindoko kapena mimba, ndipo mayi alibe njira yotsimikizira zimene mlendo walemba pa foni.

M'mayiko ena ndi nkhani ya lamulo. Ku Germany, kuyambira pa 1 July 2017, kondomu ndi yokakamiza pa malonda amenewa, ndipo wolipitsidwa chindapusa ndi kasitomala. Lamulo la ku New Zealand la 2003 limalamula onse awiri kuchita zotheka kuti kondomu igwiritsidwe ntchito. M'dziko lomwelo, mu 2021, khoti linapeza bambo wina wolakwa pa mlandu wogwirira chifukwa chovula kondomu mayi woyendayenda atamukaniza. Lamulo lomwe lija limanenanso kuti mayi angathe kukana kapena kusiya nthawi iliyonse, ngakhale ndalama zitaperekedwa kale. Choncho “inde” wa pa foni ndi chilolezo choti mubwere, osati choti muchite chilichonse.

Sanayankhe. Ndidikire nthawi yaitali bwanji, ndipo ndiimbe kangati?

Kuona maso a nkhono n'kudekha. Mwina akugona chifukwa wagwira ntchito usiku, mwina ali ndi munthu, mwina lero sakugwira. Dikirani maola angapo, kapena tsiku. Mukatero mungatumize uthenga umodzi wokumbutsa. Ukapitanso wopanda yankho, yankho lake ndi limenelo.

Zimene simuyenera kuchita ndi kuimba kasanu motsatizana, kutumiza mzere wa zizindikiro za funso, kulemba kuti “ndikuona kuti wawerenga,” kapena kusintha nambala iye atakutsekerani. Ndipo pali mtundu wina wa amuna amene mayi akachedwa kuyankha mphindi khumi, moni uja amasanduka chitukwano. Amenewa amamuthandiza mayiyo kwambiri, chifukwa amadzionetsa okha asanafike pakhomo.

Pali nthawi yosayenera kulemba kapena kuimba?

Ngati walemba maola ake, atsateni. Kuimba 3 koloko m'bandakucha mukuchokera komwa mowa, n'kumafuna kuti zichitike pompano, ndi njira yachidule yotsekeredwa. Ngati mwaledzera, ikani foni m'thumba. Kupangana kudakali tsiku limodzi kapena awiri kumapatsa mayi nthawi yokufufuzani, ndipo amene amalolera kufufuzidwa ndi amene amalandiridwa bwino.

Chabwino n'chiti, SMS kapena WhatsApp? Nanga uthenga wa mawu?

Tsatirani chimene iye amagwiritsa ntchito. Pa nkhani ya chinsinsi, SMS wamba si yotetezeka. Imadutsa ku kampani ya mafoni ili yosabisika. WhatsApp inayamba kubisa mauthenga onse kuchokera pa foni ina kufika pa inzake mu April 2016, ndipo Signal imachita chimodzimodzi. Koma kubisako kumathera pa foniyo. Aliyense woitola yosakiya awerenga zonse. Kumbukiraninso kuti pa WhatsApp chithunzi chanu ndi dzina lanu zimaoneka, ndipo ambiri amalembera mayi woyendayenda chithunzi chawo chili cha tsiku la ukwati.

Pali msampha wina umene ambiri saudziwa. Mukasunga nambala yake m'foni, mapulogalamu amene munawalola kuwerenga mndandanda wa manambala anu amaitenga. Mu 2017 atolankhani a tsamba la nkhani la Gizmodo analemba za amayi oyendayenda amene anadabwa kuona Facebook ikuwaonetsa makasitomala awo ngati anthu oti angawadziwe, pa akaunti ya dzina lawo lenileni imene ankaibisa. Mapulogalamu oonetsa dzina la woimba, ngati Truecaller, nawonso amatenga mayina amene anthu anasungira manambala, ndiye mukamusunga ndi dzina lonyoza kapena loulula ntchito yake, dzinalo lingakaonekere pa foni ya munthu wina. Mukaona akaunti yake yeniyeni ikutulukira, idutseni. Musamupemphe ubwenzi, musamuuze kuti “ndakupeza.”

Uthenga wa mawu si woyambira. Sangaumvere pagulu, sangaufufuze mwachangu kuti aone ola limene munatchula. Utumizeni ngati iye wayamba, kapena ngati kulemba kumakuvutani, ndipo ukhale waufupi.

Ndimutchule ndani?

Dzina limene waika pa tsamba kapena limene wakuuzani. Mwina si la makolo ake, ndipo musafunse lenileni. Yambani ndi “inu” monga mungachitire ndi mayi aliyense wachilendo. Ngati akufuna “iwe” ayamba yekha. Mawu ngati “bebi” ndi “switi” kwa munthu amene simunamuonepo amamveka ngati mukumuyesa wanu kale. Liwu lija loyamba ndi “hu” ndi chitukwano, ngakhale mutamva amayiwo akuitanizana nalo pocheza. Nkhondo ya mayina ndi yakale: mawu a Chingerezi oti “sex work” anayambitsidwa ndi Carol Leigh wa ku San Francisco cha kumapeto kwa zaka za m'ma 1970, pofuna kuti anthu aone ntchito osati chitonzo.

Kodi kungolemba uthenga kungandiike pa mlandu?

M'mayiko ena, inde, ndipo udindo wodziwa lamulo la kumene muli ndi wanu. Malamulo amasiyana kwambiri. New Zealand inachotsa ntchitoyi pa milandu mu 2003, Belgium mu 2022, ndipo kuyambira pa 1 December 2024 ogwira ntchitoyi ku Belgium angathe kulembedwa ntchito ndi mgwirizano wovomerezeka. Netherlands inalola nyumba za malondawa mu 2000. Sweden inatenga njira ina mu 1999: wogulitsa alibe mlandu, wogula ndiye wolakwa, ndipo ngakhale kuyesa kugula ndi mlandu. Norway ndi Iceland zinatsatira mu 2009, Canada mu 2014, France mu 2016, Ireland mu 2017. Ku Canada lamulo limatchula ngakhale kulumikizana ndi munthu ndi cholinga chogula. Ku United States n'koletsedwa pafupifupi paliponse kupatula m'nyumba zovomerezeka za m'maboma ena a ku Nevada.

Kumene wogula ali pa mlandu, makasitomala amaumira kwambiri kupereka mayina ndi manambala, ndipo mabungwe a amayi oyendayenda akhala akudandaula kuti zimenezi zimawalepheretsa kufufuza anthu. Kaya lamulolo mumagwirizana nalo kapena ayi, mantha anu asakhale chifukwa chomulanda mayi chitetezo chake.

Nanga ndikakayika kuti amene ndikulankhula naye ndi mwana, kapena akukakamizidwa?

Apa nkhani ya ulemu yatha, yatsala ya moyo wa munthu. Aliyense wosakwana zaka 18 ndi mwana, ndipo kugula kugonana kwa mwana ndi mlandu waukulu kulikonse, kaya mwanayo wanena kuti wavomera kapena wanama zaka. Mukakayika ngakhale pang'ono, chifukwa cha mawu, chithunzi kapena kalankhulidwe, siyani. “Sindinadziwe” sikumuchotsera mwanayo chilonda.

Kuti wina ndiye akuyankha foni sikutanthauza nthawi zonse kuti pali choipa. Amayi ena amalemba ntchito munthu wowayankhira, makamaka ngati chinenero chimawavuta. Koma ngati mwapempha kulankhula ndi mwini wake n'kukanizidwa, ngati woyankhayo akulonjeza kuti mayiyo “amachita chilichonse, sakana,” ngati mayiyo akumveka wamantha, sakudziwa dzina la dera limene ali, kapena akuyankha ngati wina akumunong'oneza, musapite. Dziwitsani bungwe lothandiza ozembetsedwa kapena loteteza ana, kapena apolisi. M'mayiko ambiri muli manambala oimbapo popanda kutchula dzina lanu.

Ndasintha maganizo titagwirizana kale. Ndingotseka foni?

Lembani uthenga msanga: “Pepani, sinditha kubwera.” Simukufunika kufotokoza chifukwa. Iye mwina wakana anthu ena, walipira chipinda, kapena wapeza womusiyira mwana chifukwa cha ola lanulo. Ngati mwalepheretsa nthawi itatsala pang'ono, chikole musachifunenso, ndipo ngati panalibe chikole, kutumiza kangachepe ndi chinthu chimene amayi amachikumbukira. Mukachedwa ndi mphindi khumi, nenaninso, ndipo musayembekezere kuti nthawi yanu italikitsidwa.

Tikasiyana, ndingamulemberenso?

Uthenga umodzi wothokoza ndi wabwino, ndipo ambiri amaulandira ndi mtima woyera. Kupitirira apo, nambalayo ndi ya ntchito. “Wadzuka bwanji” wa m'mawa uliwonse, kumudandaulira za mavuto a kunyumba usiku, kumufunsa kuti ali ndi ndani: zonsezo ndi nthawi yake imene mukuitenga osalipira. Ena amalola kucheza pa foni pa mtengo wake. Funsani ngati mukufuna.

Mauthenga a pakati pa inu awiri musaonetse anzanu, ndipo nambala yake musagawe osapempha. Mukadzakumana naye mumsika kapena pa msewu ali ndi anthu, musamupatse moni pokhapokha iye atayamba, ndipo musamutchule dzina la ntchito lija. Amene wayenda nayeyo mwina ndi mlongo wake, mwina ndi mwana wake woyamba.